Mluzu Panjira ya ku Manda

1. Dzenje

Anthu a m'komboni ya mgodi wakale, kunja kwa tawuni ya Bindura, alibe mudzi woti n'kukaikako maliro. Anzawo a Chishona munthu akamwalira amapeza lole, ulendo wa kumudzi. Koma awa, zidzukulu za amuna amene anachoka ku Malawi wapansi kudzakumba golide, mudzi wawo ndi kamtunda kofiira kuseri kwa mulu wa miyala ya mumgodi. Makolo awo onse agona kumeneko.

Mvula isanayambe, banja lililonse limapita kukalambula manda ake. Loweruka lina Liberty Chikaipa, mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, anasenza makasu. Mayi ake, a Iness, ankabwera m'mbuyo ndi chigubu cha madzi. Ankapita kwa bambo ake a Liberty, amene anamwalira ndi chifuwa cha fumbi la mumgodi.

Atafika, Liberty anangoti kakasi, makasu n'kugwa okha.

Pambali penipeni pa mandawo panali dzenje lakuya. Makorokoza, anthu okumba golide mwa okha popanda chilolezo, anali atatsata mtsempha wa golide mpaka pansi pa akufa. Chiliza chinali chitang'ambika pakati, mbali ya kumutu itatitimira. Mtanda wachitsulo umene Liberty anaupaka yekha utoto anali atauzula n'kuupingasa pakamwa pa dzenjelo. Anamangirirapo chingwe chokokera ndowa ya dothi.

A Iness anakhala pansi pafumbi pomwepo. Sanakuwe. Anangogwira mbali ya chiliza ija n'kunena chapansipansi kuti, "Bambo a Liberty, ngakhale kuno sakukusiyani mugone?"

M'dzenjemo munatuluka amuna atatu, matope thupi lonse. Liberty anawakalipira m'Chishona kuti awa ndi manda a bambo ake. Mmodzi anachita manyazi n'kuyang'ana kumbali. Koma wamkulu wawo analavula malovu, n'kuyankha mokweza kuti ena onse amve:

"Mabwidi munonetsa! Vanhu vasina mutupo! Pitani mukawaike ku Blantyre kwanuko, kuno tikugwira ntchito."

Mawu onyoza amenewo Liberty sanali kuwamva koyamba. Mabwidi. Otsata njanji. Anthu opanda mutupo. Kwa Ashona, mutupo ndi nyama ya fuko la munthu, ndipo anthu akakumana amafunsana kuti adziwe ubale. Kusukulu funso lomweli linkasanduka mkwapulo. Anzake ankamufunsa dala pagulu, iye n'kusowa choyankha, kalasi yonse n'kufa nako kuseka.

Mayeso a Fomu 4 sanalembe chifukwa analibe chitupa. Ku ofesi anamuuza kuti abweretse mapepala a agogo ake, munthu amene anafika m'dziko muno ndi bulangete ndi kachitini ka madzi. Agogo anakumba nthaka ino. Bambo anakumba mpaka mapapo kuuma. Mwana anabadwira m'komboni momwemu, ndipo Malawi anangoiona pa mapu. Koma ati ndi mlendo! Mlendo wanji amene ali ndi mizere itatu ya manda pamalo amodzi? Zinthu zimenezi n'zonyansa, ndipo amene amazichita ayenera kuchita manyazi.

Masana omwewo a Iness anakadandaula ku ofesi ina imene anaipeza yotsegula m'tawuni. Munthu wa pawindo anawafunsa ngati ali ndi pepala losonyeza kuti kamtundako ndi kawo. Anabwerera kunyumba mapazi atatupa, opanda yankho.

2. Ana a Njanji

Amene anayankha msanga anali Wiseman.

Wiseman anali mnyamata wamkulu wa m'komboni momwemo, wovala jekete yachikopa ngakhale dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Ntchito yake palibe ankaidziwa, koma foni yake inali yatsopano nthawi zonse. Anamupeza Liberty atakhala pa chitoliro chakale cha madzi, maso ali psuu.

"Mphwanga, ndamva zonse," anatero. "Dzuka. Mwana wa a Chikaipa salirira pamsewu."

Anapita naye kuseri kwa holo yakale ya mgodi. Kumeneko kunali anyamata angapo, onse ongokhala opanda sukulu kapena ntchito. Aliyense anali ndi kawaya ka mkuwa pamkono. Anamupatsa mpando, buledi ndi chakumwa chozizira. Kenako anamuuza kuti afotokoze zonse, ndipo palibe anamudula mawu kapena kumuseka. Tinene zoona, chibadwire Liberty anali asanamvetseredwepo chonchi. Anthu oipa amadziwa kumvetsera, pamene anthu a ku ofesi amatseka windo.

Atamaliza, Wiseman anaimirira.

"Amatitcha otsata njanji. Chabwino, ndife Ana a Njanji. Njanji ndi chitsulo, siipindika. Makolo athu anagwada, anati pepani bwana, pepani sekuru, mpaka kufa. Anapindulanji? Lero mtanda wa bambo ako akukokera ndowa. Mawa adzakokera nthiti zawo."

Anayendetsa foni yake kuti aliyense aone. Munali mavidiyo a anthu akumenyedwa ndi kuthamangitsidwa. Kumene zinachitikira ndi chaka chake sananene, ndipo palibe anafunsa.

"Mwaona? Onse ndi amodzi. Wokumba manda, wa pawindo, mphunzitsi, wogulitsa tomato, bola ali ndi mutupo, mtima ndi umodzi. Ife sitikusaka amene anazula mtanda yekhayo ayi. Tikufuna kuti aliyense wa mutupo akamva dzina lathu, m'mimba muzimutentha. Akaopa adzatilemekeza."

Anyamata anavomera ndi mapazi, fumbi kobo.

Ndondomeko inali yachidule. Kuchokera pamene makombi a ku Shamva amatsitsira anthu, pali kanjira kodutsa m'thengo, kopita ku manda ndi ku maenje a makorokoza. Lamulungu masana okumbawo amabwerera kuchokera m'tawuni mmodzimmodzi. Anyamata adzabisala m'ngalande ndi zibonga. Mmodzi adzaima panjira poyera, azipereka moni mwaulemu ndi kufunsa funso limodzi.

"Funso lawo lomwe lija," anatero Wiseman akumwetulira. "Munoera chii? Mutupo wanu ndi chiyani? Wathu adzasowa choyankha, umusiye adutse. Akangotchula nyama, iwe imba mluzu. Zotsalazo ndi zathu."

Anayang'ana Liberty.

"Iwe Chishona chako n'choyera, nkhope yako ndi ya mwana wa kwaya. Palibe adzakukayikire. Sukhudza munthu, mphwanga. Mluzu basi. Kodi bambo ako sakuyenera ngakhale mluzu?"

Liberty anatambasula mkono, ndipo Wiseman anamukulunga kawaya kaja.

3. Mawu a Malume

Dzuwa lisanalowe, Liberty anafika kunyumba n'kupeza a Gideoni, mlongo wawo wa mayi ake, atakhala pakhonde. A Gideoni anali mkulu wa bungwe la maliro la m'komboni. Khutu lawo lakumanzere linali logontha, ndiye polankhula ankapendeketsa mutu ngati nkhuku yoyang'ana kabawi.

"Wabwera bwino, mphwanga," anatero. "Za manda ndaziona ndi maso anga. Ndatumiza mawu ku Wadzanai, ku Shamva, kwa a Enoki Phiri. Iwe sukuwadziwa, koma ankagwira shifiti imodzi ndi bambo ako, ntchito yawo inali yochirikiza denga la mgodi kuti lisagwe. Abwera mawa adzaone mmene tingatsekere dzenje lija ndi kudzutsa chiliza. Lolemba tonse a bungwe tipita ku ofesi, osati mayi ako okha."

"Ku ofesi!" Liberty anaseka mowawa. "Malume, hamuneti? Simutopa kupempha?"

Apo ndi pamene a Gideoni anaona kawaya. Anamugwira mkono, n'kuuyang'ana nthawi yaitali.

"Wakuveka ndani ichi? Wiseman? Khala pansi. Ndati khala pansi!

"Ukuganiza kuti ine sindikupsa mtima? Mlamu wanga uja ndinamusambitsa ndine, ndinamuika m'manda ndine. Lero ndaona mtanda wake uli ndi chingwe. Mkwiyo wako ndi woona, ndipo palibe angakuuze kuti ukulakwa kukwiya. Koma mkwiyo woona ndi umene anthu ngati Wiseman amaufuna. Wabodza sautola, sugwira ntchito.

"Khutu ili ukuliona. Chaka chija cha chipwirikiti, ndili kufamu ya malalanje cha ku Mazowe, anabwera anyamata pa lole. Anali amsinkhu wako, anjala ngati iwe, opanda ntchito ngati iwe. Wina anawapatsa chakudya ndi nyimbo, n'kuwauza kuti umphawi wawo wonse wabwera ndi ife. Anatiika pamzere, n'kumafunsa mmodzimmodzi kuti, unoera chii? Anzanga ochenjera anabwereka mutupo pomwepo n'kupulumuka, ena mpaka lero akadali nawo. Ine lilime linauma. Anandimenya ndi mpini wa khasu, khutu n'kutseka mpaka lero.

"Mnyamata amene anandimenya sankandidziwa. Sindinamubere, sindinamutukwane. Anangomuuza kuti onse ndi amodzi. Mawu amenewo, mwana wa mlongo wanga, ndi amene amapha anthu padziko lonse lapansi. Ukamva pa wailesi kuti zigawenga zaphulitsa msika kapena zaotcha basi, usaganize kuti ndi anthu a nyanga. Ndi ana a anthu amene analakwiridwa penapake, kenako anakumana ndi munthu wa pakamwa potsekemera amene anawauza kuti onse ndi amodzi. Sayamba ndi bomba ayi. Amayamba ndi kantchito kakang'ono, koti iwe uzinena kuti ine sindinakhudze munthu.

"Onse ndi amodzi? A Netsai oyandikana nafe nyumbawa ali ndi mutupo. Pamaliro a bambo ako anaphika ndani mpaka maso kufiira ndi utsi? Amene anazula mtanda ali ndi dzina, ali ndi nkhope. Ameneyo timusake, timugwire, tikamuimike pamaso pa malamulo, ngakhale atatitsekera windo kangati. Koma ukayamba kulanga munthu chifukwa cha fuko lake, wasanduka mnyamata wa pa lole uja. Ndipo dzifunse: Wiseman ali ndi ndani kumanda kuja? Unamuonapo atagwira khasu tsiku lolambula?"

Anali mawu abwino, koma anagwera pa mwala. Pa zonse zimene ananena, Liberty anatolapo chimodzi chokha: kuti anawamenya malume ake mpaka kugontha, ndipo palibe analangidwa.

"Ndiye munangokhala?" anafunsa. "Anakuphani khutu, inu n'kungokhala?"

Anasolola mkono wake n'kulowa m'nyumba. A Iness anamuitana kuti adzadye, koma sanatuluke.

4. Funso

Lamulungu, anthu akutuluka m'tchalitchi, Liberty anali ataima kale pakanjira kaja, pansi pa mtengo wa muzhanje, umene kwathu timati msuku. Kunkatentha koopsa. Anyamata anali atagona m'ngalande kuseri kwa tchire. Wiseman anakhala pachulu chapatali pang'ono, foni ili m'manja.

Woyamba kudutsa anali a Netsai, atasenza mtolo wa nkhuni.

"Liberty, mwanangu, uri kuitei pano padzuwa? Mayi ako sanadye kuyambira dzulo. Uwauze ndibwera ndi phala madzulo."

Liberty anayankha moni, maso ali pansi. Sanafunse funso lija, popeza yankho ankalidziwa. A Netsai anadutsa, nkhuni zikugwedera pamutu, osadziwa kuti adutsa pakati pa zibonga.

Foni ya Liberty inanjenjemera m'thumba. Unali uthenga wa Wiseman: "Wayamba kusankha? Kapena nawenso uli ndi mutupo?"

M'ngalande munamveka kuseka kotsekereza pakamwa. Kunali kuseka komwe kuja kwa m'kalasi, ndipo Liberty anamva nkhope ikutentha.

Posakhalitsa panatulukira bambo wina wachikulire kuchokera kumsewu. Anavala chisoti chakale cha mumgodi ndi majombo. Paphewa anasenza thumba lolemera, m'manja muli fosholo ndi piki. Ankayenda pang'onopang'ono, akupumira m'mwamba. Aliyense womuona akanati ndi mkorokoza wobwerera ku dzenje lake.

Liberty anaima pakati pa njira n'kuomba m'manja mwaulemu, monga amachitira ana a Chishona.

"Masikati, sekuru."

"Masikati, muzukuru," anayankha bamboyo, akutsitsa fosholo kuti apume.

"Pepani sekuru, ndifunse nawo. Munoera chii?"

Bamboyo anasintha nkhope. Anayang'ana mnyamatayo, n'kuyang'ana tchire la kumanzere ndi kumanja. Ankaoneka kuti funso limeneli, pamalo opanda anthu ngati amenewa, analimvapo kale. Anayankha msangamsanga, ngati mwana woloweza vesi:

"Soko. Ndinoera Soko, mwanangu."

Nyani. Nyama yatchulidwa.

Apa ndi pamene panali mpata. Munthuyo anali wokalamba, thukuta lili kamukamu, ndipo anali atamutcha mwanangu. Liberty akanatha kunena kuti pitani bwino. Milomo inali yake, mpweya unali wake, palibe anamugwira pakhosi. Koma anaona piki ija, n'kukumbuka mtanda wa chingwe. Anayang'ana kuchulu, n'kuona Wiseman atakweza foni.

Anaika zala pakamwa n'kuimba mluzu.

Anyamata anavumbuluka m'ngalande. Chibonga choyamba chinagwetsa chisoti. Chachiwiri chinafikira pamsana, thumba n'kugwa n'kuphulika, fumbi lotuwa kuti mbuu. Bamboyo anagwa chagada, manja atatchinga kumutu. Chishona chija chinathera pomwepo.

"Mayo ine! Mayo, ndikufa ine! Ana inu, ndalakwanji?"

Chinali Chichewa chenicheni, cha anthu akale a m'komboni, chonga chimene bambo ake a Liberty ankabuula nacho chifuwa chikawagwira. Liberty anayang'ana fumbi lotuwa lija. Silinali dothi la golide. Inali simenti.

"Siyani!" anakuwa. "Regai! Siyani, ndi wathu!"

Anadziponya pakati pawo, chibonga china n'kumupeza paphewa. Anyamata anabwerera m'mbuyo, akuyang'anana.

Ndi wathu! Tamvani mawu amenewo. Ndiye akanakhala Soko weniweni wobadwira ku Murehwa, kwa Ashona, magazi amene ankayenderera m'fumbiwo akanakhala madzi? Msana wake sukanamva kuwawa? Liberty anali asanafikebe pomvetsa zimenezi. Chimene chinamuimitsa si chifundo pa munthu, koma chinenero chimene munthuyo analirira, ndipo zimenezi n'zomvetsa chisoni kwambiri.

5. Simenti

Liberty anagwada n'kukweza mutu wa bamboyo. Pamphumi panali bala lalikulu, ndipo dzanja limodzi linali litapindika molakwika.

"Bambo, bwanji munati Soko? Bwanji?"

Bamboyo anapuma movutika asanayankhe.

"Ndine Phiri, mwanangu. Enoki Phiri. Soko ndinabwereka chaka chija anatiika pamzere kufamu. Anandipulumutsa tsiku limenelo, ndiye ndinangomusunga. Munthu wachilendo akandifunsa patchire m'Chishona, ndiyankha chiyani? Sindinadziwe kuti masiku ano ana athu nawonso akufunsa."

Dzina lija linamulasa Liberty ngati minga. Wadzanai. Shifiti imodzi ndi bambo. Malume ananena zonsezi dzulo pakhonde, iye ali kalikiliki kusunga mkwiyo wake.

Wiseman anatsika pachulu osafulumira, akupukuta fumbi pa jekete.

"Mwaimiranji?" anafunsa anyamata aja. "Munthu wokana mtundu wake ndi woipa kuposa mdani. Wadzitcha yekha Soko, walandira za Soko. Palibe cholakwika apa."

Dzulo lomweli adani anali a mutupo okha. Lero mzere wasuntha, walowetsa ndi nkhalamba ya kwawo yomwe. Mzere wa anthu otere sukhala malo amodzi, ndipo mnyamata wina atamva zimenezo anataya chibonga chake mwakachetechete n'kulowa m'tchire.

"Anabwera kudzakonza manda a bambo anga," anatero Liberty.

"Ndiye akanabwera ndi dzina lake." Wiseman anawerama, n'kuika foni pamaso pa Liberty. "Taona kuno, mphwanga."

Vidiyo inayamba. Munali Liberty yekha, nkhope yonse poyera, akuomba m'manja, akufunsa, akuika zala pakamwa. Omenyawo ankaoneka misana yokha. Wiseman sankaonekamo n'komwe.

"Waoneka bwino," anatero. "Iyi ndiisunga ine, palibe aione bola tikumvana. Loweruka tili ndi ntchito yeniyeni, misasa ya makorokoza ija ndi chigubu cha petulo. Wonyamula chigubu ndamupeza kale, ndiwe. Tsopano dzuka tizipita, nkhalambayi aitola ena."

A Enoki anagwira malaya a Liberty ndi dzanja lawo labwino lija. Ankamuyang'anitsitsa, diso limodzi litatsekeka ndi magazi.

"Mphumi imeneyi ndikuidziwa," anatero. "Ndiwe wa Chikaipa iwe. Bambo ako ankakunyamula paphewa kubwera nawe pageti la mgodi, uli kamwana." Anatsokomola. "Wola simentiyo, mwanangu, isapite pachabe. Ndi ya chiliza cha bambo ako."

Liberty anaweramira pa simenti ija. Misozi inagwera m'simenti muja n'kupanga timadontho takuda.

Nthawi yomweyo kunamveka mawu kumunsi kwa njira, kumbali ya komboni. Anali a Gideoni, akulankhula mokweza monga amachitira anthu ogontha. Pambuyo pawo pankabwera a Iness, atavalabe yunifolomu ya amayi a mvano, atanyamula dengu la chakudya cha mlendo amene anabwera kudzadzutsa manda a mwamuna wawo. Anali asanakhote pa msuku paja, koma ankayandikira.

Anyamata otsala aja anathawira m'ngalande. Wiseman anabwerera m'mbuyo mpaka m'mphepete mwa tchire, n'kugwedeza foni ija m'mwamba.

"Tiye, Liberty. Ukatsala, pofika madzulo komboni yonse ikhala itaonera, kuyambira mayi ako."

Liberty anayang'ana tchire. Anayang'ana kawaya ka pamkono pake, kamene tsopano kanali ndi magazi a mnzawo wa bambo ake. Dzanja la a Enoki linali likadagwira malaya ake, koma linalibe mphamvu, akanatha kulichotsa ndi chala chimodzi.

Sanalichotse. Anakhala pansi m'fumbimo, n'kuika mutu wa nkhalambayo pamiyendo pake.

A Iness atakhota pa mtengo paja, dengu linagwa, mbale n'kugubuduka panjira. Anathamanga n'kugwada pambali pa mlendoyo, akung'amba mpango wawo kuti amange bala.

"Mulungu wanga! A Enoki! Liberty, mwanawe, wachita zimenezi ndani?"

A Enoki anangotseka maso. A Gideoni sanayang'ane bala, ankayang'ana kawaya kaja. M'thumba la yunifolomu ya a Iness foni inalira, kusonyeza kuti uthenga walowa.

"Amayi," anatero Liberty, "musatsegule. Ndikuuzani ndekha."